Kalata ya Zilembo Zofiira

1

Ndine Marita, amake Enoki, wa m'mudzi mwa Chimphandu kufupi ndi Nachisaka. Mukafika pamsika wa Mponela n'kufunsa za mayi wa mtedza uja wosatsitsa mtengo, aliyense akulozerani pomwe ndimakhala. Kukometsa nkhani sindidziwa. Mwana wa mng'ono wanga watsala ndi zala ziwiri kudzanja lamanja. Mwana wanga wagona m'ndende zaka zinayi. Ine ndinagwira Baibulo m'khoti la ku Dowa. Zonsezi ndikuuzani, koma musandifulumize.

Sukulu ndinalekezera Sabu B, kalasi yachiwiri. Bambo ake a Enoki anapita ku Joni mwana ali kumsana, ndipo mpaka lero ngakhale kalata. Ndinamulera ndekha ndi mtedza, fodya ndi nkhumba. Wogula akatchula mtengo wake, ine ndinkangomanga thumba langa n'kuyamba kuyenda. Sindinkafika ngakhale pamtengo wa bulugama wa kumsewu asanandiitane. Munthu wina wa ku Lilongwe ananditsatira ndi galimoto mpaka kumudzi chifukwa cha nkhumba imodzi. Anthu ankaseka, koma ana awo ankayenda opanda malaya.

Mng'ono wanga Sabina anamanga nyumba yake moyang'anana ndi yanga. Mwana wake Elifala anabadwa chaka chimodzi ndi Enoki. Sabina akapita kumtsinje, ndinkawayamwitsa onse awiri, wina bere ili, wina bere ilo. Anakulira pamodzi, anakhoza mayeso pamodzi kusukulu ya mishoni, ndipo mu 1974 onse anatengedwa kupita ku Limbe kukaphunzira ntchito yokonza njanji. Ndinagulitsa nkhumba ziwiri n'kugula masutikesi awiri ofanana.

2

Anabwerera mu Meyi 1978, tikukumba mtedza. Enoki ananyamula hamala ya mpini wautali, yomwe mphunzitsi wawo anamupatsa chifukwa anaposa anzake onse. Tinakhala pakhonde panga, ine, Sabina ndi anyamata awiriwo.

"Ndiye uziyendetsa sitimayo?" ndinamufunsa.

"Ayi amayi. Ine ndine wokonza njira yake."

"Kukonza bwanji?"

Anatenga makasu awiri akale omwe anali pansi pa nkhokwe, lina labwino, lina long'aluka. Anagogoda loyamba ndi hamala ija, linalira ngati belu la kutchalitchi. Anagogoda lachiwiri, linangoti phu.

"Mwamva kusiyana? M'mawa uliwonse ndiziyenda m'njanji ndikugogoda chonchi. Chitsulo chikakhala ndi mng'alu, khutu limadziwa maso asanaone. Ndizimanga mabawuti, ndiziyeza ngati njanji yatanuka, mvula ikagwa ndiziona ngati madzi sanakokolole pansi. Ndidzakhala ndi anthu khumi ndi awiri pansi panga."

"Zaka zinayi kuphunzira kuyenda pansi? Ine ndimayenda mpaka ku Mponela opanda satifiketi."

Elifala anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi aakulu, inu akanakutengani a njanji, sitima ikanamakulipirani kuti idutse."

"Iwe khala chete, makutu ngati zikho. Enoki, malipiro ndi zingati?"

"Adzalemba m'kalata. Oyamba kumene salandira zambiri. Koma pali nyumba ya kampani, majombo, ovolosi. Pakatha zaka ziwiri ndilemba mayeso ena, ndikwera. Kenako penshoni."

"Penshoni ndi ya nkhalamba. Ine ndikufunsa za mwezi uno."

Anandiuza kuti panjanji yatsopano yochokera ku Salima kupita ku Lilongwe panatsala malo amodzi okha a munthu wa maphunziro awo. Malowo anali a Enoki, popeza anali woyamba. Elifala anali wachiwiri, anauzidwa kuti adikire.

"Ine ndidikira," anatero Elifala. "Achimwene akalowa, andikokera m'kati."

Sabina anamuyang'ana mwana wake.

3

Makalata a m'mudzi mwathu ankafikira m'thumba la kusukulu. Lachisanu lililonse Elifala ankapalasa njinga kukawatenga, n'kugawa khomo ndi khomo. Mu Juni, Enoki anachoka masabata awiri. Anapita kumapiri a ku Ntchisi ndi atsibweni ake Abrahamu, mlongo wathu, kukadula mitengo ya chigafa cha fodya. Atabwera anafunsa ngati kalata yafika. Ndinati adikire. Julayi anatha akudikira. Ankadzuka m'mawa n'kupukuta hamala ija ndi nsanza, ngakhale inalibe fumbi.

M'kati mwa Ogasiti kalata inafika, koma ya Elifala. Ankamuitana kukayamba ntchito pa 1 Sepitembala, kumsasa wa njanji kuseri kwa Mvera. Malo omwe aja. Sabina analiza nthungululu mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Enoki anapita kukamugwira chanza mbale wake, kenako analowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake anakwera basi kupita ku ofesi ya njanji ku Lilongwe. Anabwera patatha masiku atatu, maso ali psu. Anandipeza ndikupatsa nkhumba madeya.

"Akuti ndinakana ntchito."

Sindinatembenuke.

"Kalaliki wandionetsa kalata. Yotayipa pamakina, zilembo zake zofiira, dzina langa pansi. Ikuti K38 pamwezi ndi malipiro a mbusa wa mbuzi. Ikuti andipatse K80, apo ayi apeze wina."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

"Ndinalumbira kuti si ine. Anandiseka. Akuti munthu wolemba za malipiro motero masiku ano amatchedwa woukira, ndithokoze Mulungu kuti anangotseka faelo osaitumiza kwina. Dzina langa analifufuta, amayi. Sadzanditenganso, ngakhale kukhala wosesa."

Nkhumba zinkalimbirana m'chimkhate. Ndinazimenya ndi ndodo popanda chifukwa.

"Kalata yondiitana inatumizidwa mu Juni, ine ndili ku Ntchisi. Amatenga makalata kusukulu ndani?"

"Ukudziwa wekha," ndinatero.

4

Linali Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangotuluka. Elifala ankamanga sutikesi ija kumbuyo kwa njinga, anthu atasonkhana kudzatsanzikana naye. Sabina anali atamukazingira nkhuku ya panjira. Ndinaona Enoki akutuluka m'nyumba, hamala ili m'manja, akuyenda pang'onopang'ono ngati akupita kudimba.

"Elifala, kalata yanga ya mu Juni ili kuti?"

Elifala anamwetulira, akuyesa nthabwala. "Achimwene, mwabwera kudzandigogoda ngati ndili ndi mng'alu?"

"Ndafunsa kalata yanga."

"Envulopu ya khaki ija? Ndinapatsa amayi aakulu. Pakhonde apo, akuswa mtedza. Ndimayesa ndi zotsatira za mayeso, simunandiuze kanthu."

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Enoki nayenso anatembenuka. 

"Amayi?"

"Sindinalandire kalata ine," ndinatero.

Elifala anatsegula pakamwa. "Amayi aakulu, mwaiwala? Munaiika m'nsalu, munati..."

Sanamalize. Enoki anaikweza ndi manja onse awiri. Elifala anatchinga mutu ndi dzanja lamanja, n'kudzandira, dzanjalo n'kugwera pachitsulo cha njinga. Hamala inalipeza pomwepo. Phokoso lake ndinalidziwa. Linali la khasu long'aluka lija.

Kachiwiri inagwera m'nthiti. Elifala anagwa pamodzi ndi njinga, sutikesi inatseguka, majombo atsopano omwe amake anamugulira n'kukhutukira m'fumbi. Magazi anathira nkhuku yokazinga ija. Sabina anadzigwetsa pamwamba pa mwana wake, ndipo hamala ikanagwera pamsana pake akanapanda atsibweni Abrahamu kumugwira Enoki m'khosi chakumbuyo. Anafunika amuna anayi kuti amugwetse. Anamumanga ndi luzi pamtengo wa mango, iye akungobwereza mawu amodzi: "Ndinayamwa naye. Ndinayamwa naye."

Elifala anamunyamula pangolo ya ng'ombe mpaka kumsewu. Kuchipatala anadula zala zitatu. Nthiti ziwiri zinathyoka. Apolisi anabwera kudzatenga Enoki dzuwa lili paliwombo, ndipo hamala anaikulunga m'pepala la nyuzi.

5

Patatha masiku anayi Sabina anabwera kuchokera kuchipatala. Sanalowe m'nyumba mwake. Anatola munsi womwe unali pamtondo n'kubwera nawo kwa ine. Ndinali nditawerama ndikusesa.

"Akulu, mwana wanga sanama."

"Wanga ndiye wonama?"

"Sindikunena za Enoki. Ndikunena inu."

Munsi unandipeza paphewa. Ndinamugwira miyendo, tinagwa tonse m'phulusa. Tinagubuduzana mpaka kukhola la nkhumba ngati agalu, amayi aakuluakulu a mvano, ana akuonerera. Anandiluma khutu, chipsera chilipo mpaka lero. Ine ndinamumenyetsa nkhope pamwala wonolera mipeni, dzino lake lakutsogolo linatsala pomwepo. Atatilekanitsa, analavula magazi n'kunena motsitsa mawu: "Munamuyamwitsa inu mwana uja."

Mudzi unagawikana. Ena ankati Elifala ndiye anapindula, ndiye wolemba kalata ndi yemweyo. Ena ankati Elifala sanabepo ngakhale mango. Atsibweni Abrahamu anandiitanira kuseri kwa chigafa.

"Marita, ndine mlongo wako. Kuno kulibe wina. Kalata ija unailandira?"

"Mukufuna ndinene kangati?"

Akulu a mpingo anatiimitsa Mgonero tonse awiri. Sabina anagumula nyumba yake n'kukamanga kutsidya kwa mtsinje, khomo n'kuliyang'anitsa kuphiri.

Mlandu unazengedwa ku Dowa mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Elifala anaima ndi dzanja lokulungidwa, nabwereza zomwe ananena tsiku lija, osasintha ngakhale liwu. Kenako a khoti anandiitana ine. Anandipatsa Baibulo. Linali lolemera kuposa la kutchalitchi kwathu.

"Munalandira envulopu kwa Elifala mwezi wa Juni?"

"Sindinalandire."

Woweruza anati za kalata si za khoti lake. Chomwe akudziwa n'chakuti munthu wapundulidwa ndi hamala pamaso pa mudzi wonse. Anamupatsa Enoki zaka zinayi akugwira ntchito yakalavula gaga.

Malo aja Elifala sanakalowe. Wokonza njanji wa zala ziwiri sangagwire sipanala. A njanji anatumiza mnyamata wina wa ku Nsanje. Patapita chaka, mphunzitsi wawo uja anamumvera chisoni Elifala n'kumupezera ntchito yoimika mbendera pomwe msewu udutsa njanji. Malipiro ake sankafika theka la K38.

6

Kundende ku Lilongwe ndinkapita miyezi iwiri iliyonse ndi mtedza wokazinga ndi sopo. Chaka choyamba Enoki sankalankhula zambiri. Chaka chachiwiri ndinamupeza diso lamanzere litatupa, mano awiri kulibe. Anati anamenyana ndi mkaidi mnzake chifukwa cha bulangete.

Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali kudzera pawaya.

"Amayi, muno munthu amakhala ndi nthawi yoganiza. Elifala m'khoti muja sananjenjemere mawu."

"Wakuba wozolowera sanjenjemera."

"Palibe chomwe mukudziwa?"

"Idya mtedzawo, alonda asanakulande."

Anapendeketsa mutu, monga ankachitira pomvetsera chitsulo. Sanafunsenso.

Anatuluka mu 1982, nthawi ya dzinja, ataonda ngati nkhuni. Mtsikana yemwe ankafuna kumukwatira anali ndi ana awiri kwa mwamuna wina. Satifiketi ija inali idakali m'sutikesi, njenjete zitadya m'mphepete. Anayenda nayo m'magalaja, m'zigayo, m'maesiteti a fodya. Aliyense ankafunsa komwe anali zaka zinayi zapitazo, akayankha n'kumuonetsa khomo. Anayamba kumata matayala a njinga pansi pa mtengo wa mango womwe anamumangirira uja.

Kenako kunamveka kuti kampani ina yomanga milatho ikufuna anthu odziwa zitsulo, ndipo safunsa zambiri. Ankangofuna kalata yofunsira ntchito. Loweruka lina Enoki anandinyamulira thumba la mtedza mpaka ku Mponela. Titafika pamsika anati akupita kupositi.

"Kukatani?"

"Pali mkulu wina amatayipa makalata pakhonde. A Yosefe."

"Lemba pamanja. Unapitiranji kusukulu?"

"Akufuna yotayipa."

"Ku Dowa kuli wina wotchipa. Tipita Lolemba."

"Lero n'lomaliza kutumiza, amayi."

Anapita. Ndinakhala pamalo panga. Mayi wina anafunsa mtengo wa mtedza katatu, ine osamumva.

7

Sipanapite theka la ola. Ndinamva anthu akuthamangira kupositi. Ndinasiya mtedza osavundikira.

A Yosefe anali nkhalamba yoonda, mphunzitsi wopuma. Ndinawapeza ali chagada pansi, tebulo lawo litagubuduzika, magalasi ataphwanyika, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'kamwa. Enoki anali atawaponda pachifuwa ndi bondo. Dzanja lina linagwira pepala lomwe anali atangomutayipira. Ngakhale ine wosaphunzira ndinaona kuti zilembo zake n'zofiira.

"Makina ano okha ndiwo amalemba zofiira m'Dowa muno," ankatero Enoki, mawu ali pansipansi. "Juni 1978. Anakutumani ndani?"

"Liboni ya inki yakuda inatha kalekale, mwanawe, si mlandu..."

Enoki anawamenya chibakera pakamwa.

"Elifala anakupatsani zingati?"

A Yosefe anatembenuza mutu. Maso awo anayendayenda m'gulu la anthu mpaka anandipeza. Zaka zinayi zonsezo anali chete chifukwa ndinawauza kuti akadzatsegula pakamwa ndidzakanena kwa a tcheyamani a chipani kuti mawu onyoza malipiro aja anawapeka okha. Anandiyang'ana, osanditchula.

Enoki anaimirira n'kunyamula makina aja ndi manja awiri. Ndi chitsulo cholemera ngati mwala wa mphero. Anachikweza pamwamba pa mutu wa nkhalambayo. Amuna omwe anali pafupi anabwerera m'mbuyo. Ndinaona mapewa ake akukwera monga anakwerera tsiku la Elifala.

"Ndine," ndinatero.

Sanamve. Ndinakankha anthu n'kukaima pakati pa iye ndi a Yosefe.

"Enoki, ndine. Envulopu ndinalandira. Kalata ndinalembetsa ndine."

Makina aja anakhala m'mwamba nthawi yaitali. Kenako anawaponya pambali. Anagwera pasimenti, tizitsulo take n'kumwazika.

Ndinanena zonse pomwepo, pamaso pa ogulitsa tomato, okwera basi ndi anyamata oona makadi a chipani. Elifala anandipatsadi envulopu ija ndikuswa mtedza. Sindinafune kuti m'mudzi adziwe malipiro a mwana wanga ine ndisanadziwe, ndiye ndinabwera nayo kwa a Yosefe kuti andiwerengere. Atatchula K38, ndinaseka. Nkhumba imodzi yonenepa ndinkagulitsa kuposa pamenepo. Ndinati awa ayamba ndi mtengo wa pansi kuti aone ngati ndife opusa. Mwana woposa anzake onse, amufuna, sangamusiye. Ndinawauza a Yosefe kuti alembe K80, ndikudziwa kuti tidzakumana pa K60.

A Yosefe anandichenjeza. Anati, "Mayi, a njanji si ogula mtedza. Malipiro awo analembedwa m'buku, ndi amodzi kwa aliyense woyamba. Akatchula atchula." Ine ndinati palibe munthu padziko lino amene amatchula mtengo wake weniweni poyamba. Ndinawalipira kawiri mtengo wa kalata, analemba, nasaina dzina la Enoki. Ndinamanga thumba langa n'kuyamba kuyenda, monga ndachitira moyo wanga wonse. Lachisanu lililonse ndinkayang'ana njinga ya Elifala, kudikira kuti a njanji andiitane kumbuyo. Ndinkafuna kudzamuponyera Enoki kalata yachiwiri pamiyendo n'kumuuza kuti, ona zomwe amako osaphunzira akupezera. Sanandiitane.

"Nanga tsiku lija pabwalo?" anafunsa Enoki. "Ndinakufunsani."

Ndikanatha kunena kuti ndinaopa hamala. Ndinaiopadi. Ndinaganizanso kuti sangamenye mbale wake, ndidzamuuza tikalowa m'nyumba. Koma choona chenicheni ndinachinena pamenepo, ndipo ndichinenanso pano. Mudzi wonse unali ukundiyang'ana, ndipo sindinafune kuti adziwe kuti Marita wagonja pa malonda.

Enoki anawerama, nadzutsa a Yosefe, nawapukuta magazi ndi malaya ake. Kenako anandiyang'ana.

"Zala zitatu ndi zaka zinayi. Munagula chiyani, mayi?"

Sanati amayi. Anati mayi, monga amanenera munthu kwa wogulitsa wosamudziwa.

8

Apolisi atafika, a Yosefe anakana kudandaula. Anati anagwa okha ndi makina awo. Ndinagulitsa nkhumba zonse zomwe ndinali nazo n'kupita ku Lilongwe kukawagulira makina ena. Mwini sitolo atatchula mtengo, ndinapereka. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Enoki sanabwerere kunyumba tsiku limenelo. Anaoloka mtsinje n'kukagwada pakhomo pa Sabina. Akuti Sabina anamuthira madzi otsukira mbale, kenako anakhala pansi n'kulira naye. M'mawa mwake anakwera basi kupita komwe Elifala amaimika mbendera. Omwe anaona akuti Elifala anamusiya ali chogwada mpaka sitima ya katundu itadutsa yonse. Atatsitsa mbendera anangoti, "Ndinakuuzani tsiku lomwelo, achimwene." Kenako anamupatsa mpando.

Ali komweko mpaka pano. Enoki amakonza njinga pafupi ndi kanyumba ka Elifala, ndipo ntchito iliyonse yofuna manja awiri pakhomo la mbale wake amagwira ndi iye. Mnyamata wa ku Nsanje uja anakwera kawiri. Tsopano ndi woyang'anira chigawo chonse, ali ndi nyumba ya njerwa, ana ake ali kusekondale. Akamadutsa poyendera njanji amawakwezera dzanja onse awiri.

Ndinakaulula kwa akulu a mpingo. Anandibwezera pa Mgonero patatha chaka. Sabina amakhala benchi lakutsogolo, ine lakumbuyo. Akamwetulira munthu, mpata wa dzino lija umaoneka. Ine sanandimwetulirepo.

Kamodzi pa mwezi Enoki amabwera ku Mponela kudzagula zipangizo za njinga. Amadutsa pamalo panga. Amaima, amaloza mbale ya mtedza.

"Zingati, mayi?"

Ndimati tenga, mwanangu, si wogulitsa kwa iwe. Iye amafunsa mayi wa pafupi nane mtengo wa tsikulo, amaika ndalama yokwanira ndendende pathumba, amathira mtedza m'chikwama n'kumapita. Sanenerera. Ndimamuyang'ana mpaka afike pamtengo wa bulugama wa kumsewu. Ogula onse a moyo wanga ankandiitana ndisanafike pamenepo. Ine ndamuitana kangapo. Satembenuka.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amene munalera nokha ndipo mukuyesa kuti mumadziwa mtengo wa chilichonse: mwana wanu akamaliza kuphunzira ntchito, mufunseni za ntchitoyo mpaka mumvetse, musanaiike pasikelo yanu. Enoki anandiuza za nyumba, za mayeso, za kukwera, ine ndinangomva za mwezi umodzi. Envulopu yokhala ndi dzina la mwana wanu mupatseni yekha, yosatsegula. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, pabwalo pomwepo, hamala isanakwere m'mwamba. Manyazi omwe ndinawathawa m'mawa umodzi ndinadzawalandirabe pamsika, anthu ochuluka kuposa a m'mudzi akumva, koma zala za Elifala zinali zitakwiriridwa kale kuseri kwa chipatala.

Ndinalowa sukulu ya kwacha ndili ndi imvi. Nkhani iyi ndalemba ndi dzanja langa, miyezi itatu, ndi bolopeni yakuda. Ndaika dzina langa, osati la munthu wina. Ku kanyumba ka mbendera kuja amagula magazini ino, Elifala ndiye amawerenga mokweza podikira sitima. Enoki, Loweruka loyamba la mwezi ndidzakhala pamalo pomwe paja.